Bonding ya pa saluni ina ya ku Kapata: yokongola ndithu, koma sichedwa kumatuka

Saluni imene ndikukamba ili mu Chipata muno, chakufupi ndi msika wa Kapata. Ndi malo aukhondo, matawulo amakhala ochapa, ndipo atsikana ogwira ntchito pamenepo amalandira munthu mwaulemu. Pa zoluka tsitsi ndi kusoka wivi, luso lawo ndi losakayikitsa. Chimene chinandikhumudwitsa ndi bonding yawo, ndiko kumata tsitsi loonjezera pa tsitsi lenileni, imene ndinachititsa m'mwezi wa Okutobala pokonzekera ukwati wa mphwanga.

Bonding ilipo ya mitundu iwiri, ndipo munthu ayenera kudziwa umene akulipirira. Wofala kwathu kuno ndi wopaka guluu wakuda m'mphepete mwa mzere wa wivi, n'kuumata pa tsitsi lenileni pafupi ndi khungu la m'mutu. Winawo ndi wa keratin, chomatira chimene chimasungunuka chikatenthedwa, umene amamata tizingwe ta tsitsi kamodzikamodzi ndi chitsulo chotentha, ndipo ukachitika bwino umatha kukhala miyezi 3 kapena 4. Wa guluu sufikako m'pang'ono pomwe, chifukwa ndi wa milungu yowerengeka chabe. Ine anandiika wa guluu, koma mwini saluni anandilonjeza kuti ndikhala nawo miyezi iwiri popanda chovuta, ndipo mtengo umene anatchula unali wogwirizana ndi lonjezolo.

Pa tsiku la ukwati ndinalibe chodandaula. Mizere anaiyala mwanzeru moti polumikizira sipankaoneka, ndipo anadula tsitsilo mogwirizana ndi nkhope yanga. Koma mlungu usanathe, mzere wa m'nkhongo unayamba kusendeka kumapeto. Popesa, chipeso chinkakola pamenepo, ndipo ndikagwira ndi chala ndinkamva guluu ali wofewa, akunanda ngati utomoni. Kenako mizere ya pamwamba pa makutu inatsatira, mpaka m'mawa wina ndinapeza mzere wathunthu uli papilo, tsitsi langa lenileni litamatirira ku guluuyo. Kuyambira pamenepo ndinkayenda nditamanga duku.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Guluu ameneyu amadana ndi mafuta, ndipo mankhwala ambiri omuchotsera m'mutu amapangidwa ndi mafuta omwewo. Choncho tsitsi limayenera kuchapidwa ndi shampu wochotsa mafuta onse, osapaka conditioner m'tsinde, n'kuliumitsa mpaka liume gwa. Pa saluniyi anandichapa kamodzi kokha mothamanga, anapaka conditioner mutu wonse, ndipo atamaliza kumata anapopera mafuta owalitsa tsitsi mpaka pamizere penipeni. Sanandifunse ngati ndinali nditadzola Vaseline kapena mafuta ena m'masiku a m'mbuyomo, pamene aliyense akudziwa kuti ambirife sitisiya m'mutu mouma. Kuwonjezera apo, magetsi anazima ntchito ili pakati, ndipo mizere yomalizira inangokanikizidwa ndi zala popanda kuumitsidwa ndi makina. Kuzima kwa magetsi si mlandu wawo, koma akanandiuza kuti tidikire, kapena ndibwerenso mawa lake, ine sindikanakana.

Nditabwererako, mwini saluni anandilandira bwino ndipo anamatanso mizere yakugwayo kwaulere, zimene ndikuyamikira. Koma anati, “Amayi, vuto ndi thukuta lanu, mwezi uno ukutentha kwambiri.” Zoonadi thukuta limafooketsa guluu, ndipo Okutobala wa ku Chipata amatentha kodetsa nkhawa mvula isanayambe. Komatu kutenthako anali akukudziwa pa tsiku limene ankandilonjeza miyezi iwiri, ndipo ndi iwo amene anayenera kundichenjeza kuti nyengo ino si ya guluu. Pomatanso sanachotse guluu wakale, anangopaka watsopano pamwamba pake, moti panachita timibulu tolimba timene tinkandikanika pogona, ndipo mizereyo sinachedwe kumatukanso.

Pali mfundo ina imene saitchula n'komwe. Guluu wambiri wa bonding amakhala ndi latex, utomoni wa mtengo wa rabala, ndipo alipo anthu amene thupi lawo limadana naye: amayabwidwa, amatupa, ena mpaka kubanika. Saluni yosamala imafunsa kaye, kapena kuyesa kadontho pakhungu ntchito isanayambe. Ine sanandifunse chilichonse. Mwamwayi sindinatupe, koma m'mutu munkayabwa, ndipo kukanda kunkawonjezera kusendeka kwa mizere.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama ndi tsitsi lenileni. Mzere ukamatuka mbali imodzi, kulemera kwake konse kumatsalira pa tsitsi lochepa limene likadagwira, ndipo limakokeka tsiku lonse. Madokotala amati kukokeka kotereku, kukamachitika kawirikawiri, kumathothola tsitsi makamaka m'mbali mwa chipumi, ndipo nthawi zina silimeranso. Langa linadukaduka pamwamba pa makutu. Popeza tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi, pamenepo padzatenga nthawi kuti pafanane ndi pena.

Pochotsa, ndiyenera kunena chilungamo, mtsikana amene anandigwira anachita bwino kwambiri. Ananyowetsa mzere uliwonse ndi mafuta, anadikira kuti guluu afewe, n'kumachotsa pang'onopang'ono ndi chipeso cha mano aang'ono popanda kukoka. Kufatsa kumeneko kukanakhalapo pa tsiku loyamba, mwina ndemanga ino ikanakhala ina.

Amene akufuna kutchena pa ukwati kapena pa kitchen party ya Loweruka limodzi akhoza kuchititsa bonding pa saluniyi, bola apite ndi mutu wopanda mafuta, aonetsetse kuti magetsi alipo, ndipo akane zopopera pamizere. Amene akufuna tsitsi lokhala nalo mpaka Khirisimasi asamvere lonjezo la miyezi iwiri. Awauze kuti amuluke ndi kumusokera wivi, pakuti ntchito imeneyo ndiyo amaidziwa bwino.