Chiswahili, Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chitchaina: muyambe chiti ngati mukudziphunzitsa nokha?

Munthu amene Chichewa ndi Chingerezi ali nazo kale, ndipo akufuna chiyankhulo china popanda kulipira sukulu, kawirikawiri amazungulira pa zinayi izi. Ambiri amasankha potengera kutchuka, n'kukopera pulogalamu pafoni, kenaka mwezi usanathe zonse zazizira. Ine ndimaziyeza ndi mafunso awiri: mwezi uno mudzachiyankhula ndi ndani, ndipo foni yanu ingakupatseni zotani bandulo ili yochepa?

Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe, Foreign Service Institute, inawerengera maola amene wophunzira amafunika kuti ayambe kugwira ntchito m'chiyankhulo chatsopano. Chipwitikizi ndi Chifalansa amati maola 600 mpaka 750, Chiswahili pafupifupi 900, Chitchaina 2,200. Ziwerengerozi n'za munthu wobadwira m'Chingerezi amene ali ndi mphunzitsi tsiku lonse. Kwa ife mndandandawu umasintha malo amodzi: Chiswahili ndicho chapafupi kuposa zonse, ndipo chimazisiya kutali.

Chiswahili ndi chibale chathu. Kumene ife timati munthu ndi anthu, iwo amati mtu ndi watu. Chinthu ndi zinthu ndi kitu ndi vitu. Mzungu amatha miyezi akulimbana ndi magulu a mayina ndi kagwirizanidwe kake, pamene ife khutu limatiuza lokha kuti apa zagwirizana, apa zalakwika. Chimawerengedwa momwe chalembedwera. Koma ubalewu ndiwo umapusitsa. Wa ku Mbeya akati ninasoma, mutu wanu umathamangira ku "ndinawerenga", chikhalirecho akutanthauza kuti akuwerenga panopa. Zakale amati nilisoma. Kachidutswa kameneka ka -na- kamasokoneza ngakhale amene afika patali. Manambala nawonso ndi oloweza, poti ife tinazolowera kuwerenga ndalama m'Chingerezi, ndipo sita, saba, tisa ndi ishirini anachokera ku Chiluya, alibe chokukumbutsani.

Choopsa kwenikweni ndi nthawi. Tsiku lawo limayamba dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa ndi saa moja. Kondakitala pa depoti ku Mbeya akakuuzani kuti basi ya ku Dar es Salaam inyamuka saa kumi na mbili asubuhi, akunena 6 koloko m'mawa. Mukamva 12 (poti kumi na mbili ndi 12) n'kubwerera kukagona, pofika pa depoti basiyo ili cha ku Iringa.

Zophunzirira zilipo zabwino komanso zaulere. Language Transfer ili ndi maphunziro athunthu a Chiswahili ongomvetsera, ofotokozedwa m'Chingerezi. Mukopera kamodzi pamene pali Wi-Fi, basi, muzimvera mu minibasi ngakhale netiweki itasowa. Kwa ine amaposa a pa pulogalamu ya pafoni ya Duolingo, amene amakuchedwetsani pa zinthu zoti Mchewa amazidziwa kale. Nkhani za BBC ndi DW m'Chiswahili zili pa intaneti, nyimbo za ku Tanzania zili paliponse, ndipo woyankhula naye sasowa: ku Karonga, pa Songwe, madalaivala a mathiraki, ndi anzathu ochokera ku Congo ndi Burundi amene ali ku Dzaleka ndi m'matauni. Kungoti Chiswahili cha ku Congo chimasakanizika ndi Chifalansa, sichofanana ndendende ndi cha ku Dar.

Phindu lake lili pa geni. Wokaoda zovala kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kapena wokatenga galimoto padoko la Dar amanenerera yekha mtengo, salipira womasulira, ndipo amamva zimene ogulitsa akunong'onezana. Pa ntchito za muofesi ndiye sichinafike. SADC inachivomereza mu 2019, African Union mu 2022, ndipo pa 7 July chaka chilichonse dziko lonse lapansi limachikumbukira, koma malonda a ntchito m'nyuzipepala zathu sanayambe kuchifunsa kwenikweni.

Chipwitikizi ndicho chimandidabwitsa kuti tinachinyalanyaza chonchi. Mozambique yatizinga kummawa, kummwera ndi mbali ya kumadzulo. Pa Mwanza mukuwolokera ku Zóbuè, pa Dedza ku Calómuè, pa Muloza ku Milange, pa Chiponde ku Mandimba. Feteleza ndi mafuta ambiri amalowera ku Beira ndi Nacala, sitima ya ku Nacala imadutsa pa Nayuchi, ndipo ambiri opita ku Joni pa basi amadutsa ku Tete. Komatu fufuzani pakati pa anzanu kuti ndi angati angalembe kalata m'Chipwitikizi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mukangowoloka malire, ku Angónia kapena ku Milange, anthu akukuyankhani m'Chinyanja, Chilomwe kapena Chisena, ndiye mumaona ngati Chipwitikizi n'chosafunika. Pitirirani ku Chimoio, ku Beira kapena ku Nampula, kapena mupatsidwe fomu ya kasitomu, kapena muimitsidwe pa rodibuloko usiku: pamenepo Chinyanja chathera kumbuyo, ndipo Chingerezi si onse amachimva. Kalaliki wa kampani ya mathiraki, wochotsa katundu pa boda, namwino wa m'chipatala cha m'malire, onsewa akakhala ndi Chipwitikizi amakhala ndi chinthu chimene anzawo ambiri alibe. Ochiyankhula padziko lonse amaposa 250 miliyoni, ambiri ali ku Brazil, ena ku Angola ndi Portugal.

Kuvuta kwake n'kwapakatikati. Aneni amasintha kumapeto, eu falo, tu falas, nós falamos (ndimayankhula, umayankhula, timayankhula), pamene athu amasintha kumayambiriro. Ndi chizolowezi chimodzimodzi chongotembenuzidwa, ndipo chimalowa msanga. Dzina lililonse ndi lalimuna kapena lalikazi, ngakhale tebulo, ndiye mawu aliwonse muziwaloweza pamodzi ndi o kapena a wake. Mawu otulukira m'mphuno monga ão amafuna kuyeserera mokweza, osati chamumtima.

Chenjezo lalikulu n'lakuti Duolingo imaphunzitsa Chipwitikizi cha ku Brazil. Ku Mozambique adzakumvani, poti masewero a pa TV a ku Brazil amawaonera kwambiri, koma inuyo ndi amene mudzavutike. Pulogalamuyo ikuphunzitsani kuti basi ndi ônibus, pamsewu ku Tete mudzamva chapa ndi machimbombo. Ikuti chakudya cham'mawa ndi café da manhã, kunyumba yogona alendo adzakufunsani za mata-bicho. Njira yake ndi kugawa ntchito: maziko a galamala atengeni pa pulogalamu, makutu muwaphunzitse ndi Rádio Moçambique, nkhani za STV ndi TVM pa YouTube, kapena pulogalamu ya DW ya Chipwitikizi cha mu Africa. Okhala m'maboma a m'malire ali ndi mwayi, wailesi za tsidya lina zimagwira popanda bandulo, ndipo zina zimaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi momwe, ndiye nkhani imodzi mumatha kuimva kawiri.

Tikaziika pamodzi ziwirizi, Chiswahili chimabweza msanga. Pa miyezi itatu ya khama mukhoza kunenerera mtengo ndi kufunsa njira. Chipwitikizi chimafuna chaka kapena kuposerapo, koma chili ndi mayeso odziwika, CAPLE a ku Portugal ndi Celpe-Bras a ku Brazil, ndipo chimalowa pa CV n'kumveka.

Chifalansa ndi cha mapepala. Amene maso ake ali pa United Nations, African Union, COMESA kapena mabungwe ogwira ntchito ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa, asataye nthawi ndi zina. Satifiketi ya DELF ilibe tsiku lothera mphamvu, ndipo kuyambira 2023 Canada imasankha padera ofuna kusamukira kumeneko amene amachidziwa. Zophunzirira zaulere ndiye palibe chochiposa: RFI imaulutsa Journal en français facile, nkhani za mphindi 10 zoyankhulidwa pang'onopang'ono ndipo mawu ake onse amalembedwa patsamba lawo, TV5Monde nayo ili ndi zoyeserera za msinkhu uliwonse.

Vuto ndi pakamwa. Ife tinazolowera kuti chilembo chilichonse chimamveka, pamene mawu a zilembo 8 monga beaucoup amangomveka "boku". Wodziphunzitsa ndi buku lokha amatha zaka ziwiri akuwerenga nyuzipepala bwinobwino, koma munthu akamupatsa moni wautali, kukamwa gwa. Ndipo woyankhula naye ku Ntcheu kapena ku Mchinji mumupeza kuti? Ku Lilongwe ndi ku Dowa zinthu zilikonso bwino chifukwa cha anzathu a ku Congo, amene ena mwa iwo ndi aphunzitsi enieni ndipo sadula. Amene anachiphunzirako ku sekondale n'kuchisiya pa Fomu 2 ndi amene ndingawalimbikitse kwambiri kubwererako, chifukwa zimene anaiwala zimadzuka msanga kusiyana ndi kuyamba china.

Chitchaina chimakopa. Chiyambire pamene Malawi inakhazikitsa ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007, taona nyumba ya malamulo, Bingu National Stadium, msewu wa Karonga–Chitipa, mashopu ndi makampani a zomangamanga, ndiye munthu amaganiza kuti ndalama zili kumeneko. Galamala yake ndi yofewa, aneni sasintha n'komwe. Koma liwu lililonse lili ndi kakwezedwe kake mwa mitundu inayi, ndipo mukaphonya mwanena china. N'zoona kuti Chichewa nacho chimakweza ndi kutsitsa mawu, ndiye khutu lathu silachilendo ku zimenezi, koma pamafunikabe munthu wokuwongolerani sabata ndi sabata. Foni imangokuyamikirani ngakhale mukulakwitsa. Pamwamba pake pali zilembo, zoposa 2,000 kuti muwerenge nyuzipepala, chilichonse choloweza pachokha. Pleco ndi dikishonale yabwino kwambiri yogwira popanda intaneti, HelloChinese imathandiza poyambira, koma maola 2,200 aja si nthabwala.

Wokaoda katundu ku Guangzhou kawiri pachaka safunika zonsezi. Amalonda akumeneko anazolowera kakyuleta ndi kumasulira kwa pa WeChat. Manambala, moni ndi mawu 100 a pamsika akwanira. Amene akufuna maphunziro aulere a ku China, kumene mayeso a Chitchaina a HSK amafunsidwa, kapena amene bwana wake ndi Mtchaina ndipo amamva chiyankhulocho tsiku lililonse pa saiti, ameneyo alimbike, koma apeze kalasi kapena munthu. Payekhapayekha m'chipinda, ichi ndicho chimagwetsa ambiri ulesi.

Chizulu sindinachiike pano dala. Wopita ku Joni amachitola pa teksi ndi pa ntchito, safunsa aliyense kuti ayambe liti.

Mutandifunsa mwachindunji, wa geni amene njira yake ndi ya kumpoto atenge Chiswahili lero lomwe. Wachinyamata wa m'chigawo chapakati kapena chakummwera amene sanadziwebe kumene moyo udzamutengere, ine ndingamukankhire ku Chipwitikizi, chifukwa ochifuna alipo, ochidziwa ndi ochepa, ndipo ochiyankhula ali pa mtunda wa basi imodzi. Chilichonse chimene mwasankha, onjezerani AnkiDroid, pulogalamu yaulere yokukumbutsani mawu pa nthawi imene mwatsala pang'ono kuwaiwala, ndipo muziikamo ziganizo zimene mwamva nokha kwa anthu, osati mindandanda yokopera kwa ena.

Amene akufuna Chipwitikizi ndi Chifalansa zonse, azitsatanitse. Zonse zinachokera ku Chilatini, ndiye chachiwiri chimadzabwera mofulumira, koma zikayambidwa mwezi umodzi mawu amalowererana, mpaka mumayamba chiganizo ndi eu n'kuchimaliza ndi merci. Dikirani mpaka mutamvetsera nkhani za pa wailesi m'choyambacho n'kutha kufotokozera mnzanu zimene zanenedwa, kenaka yambani chinacho.