Marvel's Spider-Man pa PS4: katungwe wake ndi wokoma, koma ntchito zapambali zimatopetsa

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Ndikunena gemu ija imene kampani ya Insomniac Games ya ku America inatulutsa pa PS4 mu Seputembala 2018. Ine ndinagula disiki yoti wina anaseweretsako kale, kwa mnyamata wogulitsa zamafoni kufupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo nkhani yake ndaimaliza. Gulani ndithu, koma musadzikakamize kuchotsa kachizindikiro kalikonse kamene kali pa mapu, chifukwa ndi mmenemo mmene kukoma kwake kumathera.

Chimene chimakusunga pampando ndi kayendedwe. Ukagwira R2 pa padi, Spider-Man amaponya ulusi n'kulendewera. Ukadina X pamene katungwe wafika kumapeto, amakutaya kutsogolo ndi liwiro lonse, magalimoto achikasu a ku New York n'kumaoneka ting'onoting'ono pansi pako. Ulusiwo sungokola mumlengalenga ayi, umafuna pogwira. Ukalowa mu Central Park, mmene muli mitengo yokhayokha, umayamba kuyenda chapansipansi mpaka utatulukiranso kunyumba zitalizitali. Akanakhala wa kuno ku Zomba, kumene nyumba zosanja n'zowerengeka, bwenzi mbava akuzithamangitsa pa kabaza kuchokera ku Chinamwali mpaka ku Matawale. Ukawomba khoma sugwa, amangoyamba kuthamanga pakhomapo kukwera kumwamba, ndiye ngakhale munthu wosazolowera padi amaoneka ngati katswiri pakangopita mphindi zochepa. Koma luso lilipo loti uliphunzire: kudziponya chamutu kuchokera pansonga ya Empire State Building, kudikira mpaka msewu utayandikira, kenako n'kuponya ulusi. Muli njira yachidule yokwera sitima yapansi panthaka kuti ufike msanga kumene ukupita, koma ine sindinkaifuna. Dziwani kuti mzinda wake ndi chilumba cha Manhattan chokha, kuyambira ku Harlem kumpoto mpaka ku Financial District kummwera. Ku Brooklyn umangokuona patsidya.

Ndewu nayo ndi yabwino, ngakhale poyamba imapweteka. Peter Parker, amene ndi Spider-Man mwiniwakeyo, si chiphona chopirira zipolopolo, akakuwomba kangapo wagwa. Uyenera kuyang'ana kuwala kumene kumathwanima pamutu pake, kuzemba, kumukweza mdani m'mwamba n'kumamumenyera komweko kumene anzake sangakufikire ndi zibakera. Zida zake zilipo 8, koma zimene ndinkadalira ndi ziwiri: ulusi wamphamvu umene umamata munthu kukhoma nthawi yomweyo, ndi kabomba kaulusi kamene kamakola gulu lonse. Ukakankha chigawenga kuchokera padenga, ukasuzumira umachipeza chamatidwa m'mbali mwa nyumba, chamoyo. Anaganiza bwino pamenepo, chifukwa Spider-Man sapha. Vuto ndi kamera. M'zipinda zopanikiza imatembenuka mwaulesi, ndipo umalandira chibakera cha munthu amene sunamuone n'komwe.

Nkhani yake ndi imene sindinkayembekezera kuti ingandigwire mtima. Satibwezera ku zoti kangaude anamuluma ali mnyamata. Pano Peter ali ndi zaka 23, wakhala Spider-Man kwa zaka 8, ndipo gemu imayamba ndi kugwidwa kwa Wilson Fisk. Koma munthu yemweyo amene wagwetsa mfumu ya zigawenga akulephera kulipira lendi, mpaka landilodi amamutulutsa m'nyumba, iwe n'kumathamangitsa galimoto yotaya zinyalala kuti upulumutse katundu wake. Amagwira ntchito kwa Otto Octavius, wasayansi wopanga manja ochita kupanga a anthu odulidwa ziwalo, amene meya Norman Osborn wamulanda thandizo la ndalama. Aliyense wodziwa nkhani za Spider-Man akudziwa kumene Otto akulowera, ndipo gemu sibisa zimenezo. Chopweteka n'choti manja achitsulowo umathandiza nawo kuwakonza ndi iweyo, uku ukumukonda bamboyo ngati mphunzitsi wako. Aunt May, mayi amene anamulera Peter, amatumikira pamalo osungira anthu osowa pokhala otchedwa F.E.A.S.T., omwe mwini wake ndi Martin Li, munthu wamtima wabwino masana koma wankhope ina usiku. Za mathero sindinena. Mphwanga amene ankaonerera ali pambali anangodzuka mwakachetechete n'kupita panja.

Mawu anawasamaliranso. Yuri Lowenthal, amene amalankhula ngati Peter, mawu ambiri anawajambula kawiri, ena ali phee, ena akupuma mwawefuwefu, ndiye akamayankha foni uku akulendewera umamva kuti munthuyu ali pantchito. Ndipo pamene ukuyenda, J. Jonah Jameson, mkulu wazofalitsa nkhani wodana ndi Spider-Man, amalalata pa pulogalamu yake kuti mavuto onse a mzindawo abwera ndi Spider-Man. Amaseketsa bambo ameneyo.

Tsopano zondinyansa. Gemu imakuzoloweza kuuluka, kenako mwadzidzidzi imakulanda ulusi n'kukupatsa Mary Jane Watson, amene pano ndi mtolankhani wa Daily Bugle, kapena Miles Morales, mnyamata amene pambuyo pake amadzakhalanso Spider-Man, koma pano asanakhale ndi mphamvu. Umakwawa kuseri kwa mabokosi, mlonda akangokuona basi, wayambiranso. Anthu awiriwa pankhani ndi ofunika, koma kuwaseweretsa n'kudikira basi. Chigawo chimodzi chokha ndi chimene chinandikomera, cha pa siteshoni ya Grand Central, pamene Mary Jane amaloza zigawenga kuti Spider-Man azitole mmodzimmodzi kuchokera kudenga. Palinso timafunso tolumikiza mawaya m'labu ya Otto. Mwayi wake, mukalowa mu settings, pa Accessibility, pali poti muzitidumpha.

Mapu adzaza ndi ntchito zongochulukitsa maola. Nsanja za apolisi zoti uzikonze kuti mapu atseguke, nkhunda 12 zoti uzithamangitse, malo ofufuzira zasayansi a Harry Osborn, mwana wa meya uja, ndi milandu ya mumsewu imene imabwerabwera yofanana m'dera lililonse: kuba m'sitolo, galimoto yothawa, munthu wotsekeredwa m'buti. Akatha achifwamba wamba amabwera a gulu la zigawenga lotchedwa Demons, kenako akaidi othawa, kenako asilikali a kampani yachitetezo ya Sable ndi mfuti zawo zokwiyitsa, koma ntchito ndi yomwe ija. Ndipo sungazinyalanyaze zonse chifukwa masuti atsopano ndi kukweza zida zimafuna ma token, mphoto zimene umalandira ukachita ntchitozo. Zikwama 55 zimene Peter anamata m'makoma kalekale ndi zokhazo zimene ndinazisaka mosangalala, chifukwa chilichonse chili ndi kanthu kakale kamene amakafotokoza.

Adani akuluakulu anawapanikiza kumapeto. Electro, Vulture, Rhino ndi Scorpion amatuluka m'ndende ya Raft nkhani itapita kale patali, ndipo umalimbana nawo awiriawiri, mwamsangamsanga, usanawadziwe bwino. Ndewu zambiri zoterezi njira yake ndi imodzi: zemba, mata ndi ulusi, menya, bwereza.

Za kuno kwathu. Gemu imadzisungira yokha pafupipafupi, ndiye magetsi akazima sutaya zambiri, ngakhale makinawo sakondwera ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi. Imafuna malo pafupifupi 45 GB. Nkhani yonse imaseweredwa popanda intaneti, koma ma update ake amadya bandulo, ndipo New Game Plus, yoyambiranso uli ndi zida zako zonse, inabwera kudzera mu update. Ngati muli ndi mnzanu wa Wi-Fi, nyamulani makina mupite nawo kumeneko. PS4 yanga yakale imalira kwambiri ndi gemuyi, makamaka kotentha kwa Okutobala, choncho ipukuteni fumbi ndipo musaiike m'kabati. Inu amene muli ndi timashopu ta magemu ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, kumbukirani kuti iyi ndi ya munthu mmodzi. Ana amene amabwera ndi ndalama kudzapikisana pa mpira awiriawiri sangakubwezereni ndalama yanu ndi iyi. Pabokosi analemba zaka 16, ndipo n'zoona, muli mfuti, bomba lophulika pamsonkhano ndi maliro. Chingerezi chake n'chothamanga, yatsani mawu olembedwa pansi.

Pali nkhani zina zitatu zowonjezera zotchedwa The City That Never Sleeps, zogula padera. Wogulitsa akakuuzani kuti disiki yakale ili nazo, funsitsani, chifukwa nthawi zambiri zimabwera ndi kodi yogwira kamodzi, ndipo mwini woyamba amakhala anaigwiritsa kale ntchito. Amene ali ndi PS5 kapena kompyuta yamphamvu angapeze ya Remastered, imene inatuluka pa PS5 mu 2020 ndi pa PC mu Ogasiti 2022, yokhala ndi nkhani zitatuzo, ngakhale nkhope ya Peter anaisintha n'kukhala yachibwana, ine sindinaikonde. Ngati mukugula disiki yakale, itembenuzeni muione bwino kunsi ngati ilibe zokalika, ndipo musapereke ndalama wogulitsayo asanailowetse m'makina pamaso panu mpaka ndewu ya Fisk itayamba.