Ku Alps: wapansi kapena panjinga?

Ambiri akamva za mapiri a Alps a ku Ulaya amangoganiza za chipale chofewa, koma chikasungunuka, kuyambira Juni mpaka Seputembala, anthu amakwera mapiri wapansi, ena panjinga.

Wapansi ndiye zotchipa, nsapato zolimba ndi chikwama basi. Njira yotchuka ndi Tour du Mont Blanc, makilomita pafupifupi 170 kuzungulira phiri la Mont Blanc kudutsa France, Italy ndi Switzerland, ambiri amayenda masiku 10 kapena 11 akugona m'tinyumba ta m'phiri, koma malo ogonawo mubukiretu kudakali miyezi apo ayi mukapeza modzaza. Mawondo ndi amene amalira potsika.

Njinga ndi nkhani ina. Ku Morzine ndi Les Gets, matauni a m'mapiri ku France, simuvutika kupalasa chitunda ayi, ma lift, makina apazingwe omwe amakweza anthu a ski (masewera otsetsereka pachipale), amakukwezani limodzi ndi njinga yanu, inu n'kumangotsetsereka mwaliwiro. Kukoma kulipo ndithu, koma kuhaya njinga, helemeti ndi tikiti ya lift tsiku lililonse thumba limabooka, ndiye mukagwera pamiyala si zocheza, inshuwalansi musaiwale. Komanso maso amangokhala pamsewu, mapiriwo simuwaona n'komwe.

Ine ulendo woyamba ndingasankhe wapansi, njinga mwina katsiku kamodzi.