PHQ-9 kapena SDQ: Kusankha Mafunso Oyezera Maganizo a Achinyamata ku Chipata

Anamwino ndi aphunzitsi olangiza ana kuno ku Chipata angasankhe pakati pa mitundu iwiri ya mafunso, yotchedwa PHQ-9 ndi SDQ, pofufuza mmene achinyamata akumvera mumtima.

PHQ-9 ili ndi mafunso 9 okhudza matenda ovutika maganizo, ndipo imafunsa za masabata awiri apitawa.
SDQ, imene Robert Goodman, dokotala wa maganizo a ana, anaifalitsa mu 1997, ili ndi mafunso 25 okhudza nkhawa, khalidwe, kusakhazikika, kugwirizana ndi anzake ndiponso kuthandiza ena.

PHQ-9 imayankhidwa ndi wachinyamata yekha.
SDQ ilinso ndi mapepala a makolo ndi aphunzitsi.

Zonse ziwiri n'zaulere papepala, koma SDQ imafuna chilolezo mukafuna kuiika pa foni kapena pa kompyuta.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi funso lachisanu ndi chinayi la PHQ-9, lofunsa ngati munthu akuganiza zodzivulaza kapena zoti kuli bwino kufa. Musalifunse ngati simunakonzeretu kumene mungatumize mwana woyankha kuti inde tsiku lomwelo.

PHQ-9 ndi yoyenera kuchipatala kumene odwala ndi ambiri ndipo nthawi ndi yochepa. SDQ ndi yoyenera kusukulu za ku Katete kapena ku Chadiza, kumene aphunzitsi amawadziwa bwino ana awo.