Kumvana ndi boma kapena kulimbana nalo kukhoti: voti yanga ili uku

Anzanga amene tili ndi masheya mukampani yathu yamafuta ija mwakhala mukundifunsa kuti pa voti ikubwerayi ndili mbali iti, tilandire zomwe boma likupereka kapena mlandu upitirire. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi ndiye ndingolemba kamodzi.

Ofuna kulimbana sindikuwatsutsa pa mfundo yoti boma linatilakwira. Linatilanda laisensi yokumba mafuta titathira kale ndalama zofufuzira, ndipo zomwe akuti atipatse sizikufika pomwe maloya amanena. Zimawawa, inenso zimandiwawa. Koma kuwina mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. ConocoPhillips, kampani yaikulu yamafuta ya ku America, analandidwa mapulojekiti ake ku Venezuela mu 2007 nthawi ya Hugo Chávez, bwalo la ICSID, lomwe limaweruza milandu ya pakati pa maboma ndi makampani akunja, linadzagamula mu 2019 kuti apatsidwe madola opitirira 8 biliyoni, zaka 12 kudikira chigamulo chokhacho, kenako nkhondo ina yothamangitsa katundu wa Venezuela m'makhoti a mayiko ena. Iwo angakwanitse chifukwa ali ndi zitsime kwina zomwe zikulowetsa ndalama tsiku lililonse. Ife tili ndi chitsime chiti?

Amene timafanana nawo ndi Rockhopper, kampani yaing'ono yamafuta ya ku Britain. Italy italetsa kukumba pafupi ndi gombe, pulojekiti yawo ya Ombrina Mare inafera pomwepo, anasuma mu 2017, mu 2022 anawina ma euro 190 miliyoni, eni masheya kusangalala, ndiye mu 2025 chigamulocho chinafafanizidwa.

Tsopano chomwe chinandilasa ine, chomwe pamisonkhano sachitchula. Kampani yopanda ndalama yolowa imalipira maloya ndi chani? Imasindikiza masheya atsopano nkuwagulitsa motchipa. Kukampani yathuyi zachitika katatu. Ulendo woyamba ndinagula nawo kuti gawo langa lisachepe, wachiwiri ndinalibe ndalama, wachitatu ndinangoona uthenga m'mawa kuti agulitsa kale kwa anthu akuluakulu ife ang'onoang'ono osatifunsa nkomwe. Masheya anga nambala yake ndi yomweyo koma gawo langa mukampani lafota, moti ngakhale titawina mawa, chomwe chingandipeze sichomwe ndinkawerengera pogula.

Pamwamba pa izo pali aja olipirira milandu, makampani amene amapereka ndalama zoyendetsera mlandu kuti adzatape gawo lawo mukawina. Ndinakhala usiku wina ndi lipoti lapachaka, kuwerenga mpaka kumasamba akumapeto komwe zilembo zimakhala ting'onoting'ono, nkupeza kuti tikawina iwo ndi amene ayambe kutapa, abweze zawo kuphatikiza phindu lawo, kenako maloya, kenako ngongole, ife eni kampani kumapeto kwa mzere. Ndinatseka laputopu mtima ukugunda. Mabwana a kampani malipiro awo akulandirabe mwezi ndi mwezi, mlandu ukatalika iwo sataya kanthu, ndiye akamati tipirire ndimamva ngati akunditukwana.

Kumvana nako kuli ndi zake. Laisensi yapita basi, ndipo tsiku lina kampani ina ikadzapeza mafuta pamalo omwewo tidzalira. Komanso boma likhoza kusaina nkumalipira mwa apo ndi apo.

Koma taonani Repsol, kampani yamafuta ya ku Spain. Argentina inawalanda masheya 51 pa 100 aliwonse a YPF, kampani yamafuta ya ku Argentina komweko, mu 2012, iwo ankafuna madola pafupifupi 10 biliyoni, mu 2014 anavomera 5 biliyoni ya mabondi (zikalata za ngongole ya boma zomwe zimagulitsika), eni masheya anavota kuti eya, mabondiwo nkugulitsidwa chaka chomwecho. Theka lokha, koma linalowa m'thumba pa zaka ziwiri basi.

Ndiye ine ndikuvota kuti timvane, ndipo sindibisa kuti mkwiyo wanga pa mabwanawa uli momwemo. Bola zinthu ziwiri zilembedwe tisanavote: ndalama ibwere yonse pakamodzi kapena mabondi oti tingagulitse msanga, osati malonjezo a zaka zisanu, komanso anene poyera kuti akachotsa za maloya ndi olipirira mlandu aja, zingati zibwera kwa ife ngati dividendi. Akangoti ndalamayo aisunga kuti akasakire laisensi ina kwina, pamenepo ndidzaimirira pamsonkhano ndekha kukana.