Matayala a Michelin Pilot Sport 4S pa Ford Mustang GT

Injini ya V8 (ya masilinda 8) ya malita 5.0 ya galimoto ya Ford Mustang GT imatumiza mphamvu zake zonse ku matayala akumbuyo, ndipo dalaivala akaponda mafuta kwambiri potuluka pakona, matayalawo amangozungulira osagwira phula, kumbuyo kwa galimoto n'kuterereka kulowera m'mbali. Ichi ndicho chinandichititsa kugula matayala a Michelin Pilot Sport 4S, amene ndakhala ndikuwayendetsa m'misewu ya Johannesburg.

Pamsewu wouma amagwira bwino kwambiri, koma ubwino wawo weniweni ndinauona pamvula yoyamba, pamene madzi amasakanikirana ndi oyilo komanso fumbi zomwe zaunjikana pamsewu miyezi yonse yopanda mvula, phula n'kuterera ngati therere. Akayamba kuterereka amatero pang'onopang'ono, moti kanyali kachikasu ka traction control (makina oletsa matayala kuzungulira osagwira phula) kamathwanima, galimoto imagwedezeka pang'ono kumbuyo, ndipo munthu amakhala ndi mpata wochepetsa mafuta modekha. Makina amenewa sindiwazimitsa pamsewu wa anthu onse, chifukwa palibe tayala lomwe lingapulumutse munthu woyenda pansi galimoto ikazungulira.

Matayalawa anapangidwira nyengo yotentha, choncho m'mawa wa Juni ndi Julayi, kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, labala yake imauma ndipo imafuna kuyendetsedwa mosamala mpaka itafunda. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo pagalimoto yamphamvu chotere akumbuyo amatha msanga kuposa akutsogolo, komabe akadzatha ndidzagulanso omwewa.