freeCodeCamp: Poyambira Pabwino kwa Ofuna Kukonza Mawebusayiti

Aliyense wofuna kuyamba ntchito yokonza mawebusayiti koma alibe ndalama zolipirira sukulu, ndikumulangiza kuti ayambire pa freeCodeCamp, bungwe losachita malonda limene Quincy Larson anayambitsa ku America m'chaka cha 2014. Maphunziro ake ndi aulere, ndipo pa maphunziro oyambirira palibe pulogalamu yoti muike pa kompyuta chifukwa zonse zimachitikira mu browser, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti ija.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi kaphunzitsidwe ka gawo la Responsive Web Design, lophunzitsa kukonza masamba okwana bwino pa sikirini yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Sakupatsani nkhani zitalizitali zoti muloweze pamtima; amakuuzani kuti mulembe mzere umodzi wa HTML (chilankhulo cha kompyuta cholembera masamba a webusayiti), ndipo nthawi yomweyo mumaona mbali ina ya sikirini zimene mwalembazo zitasanduka mutu wankhani, chithunzi cha mphaka kapena batani. Mukalakwitsa, amakusonyezani pamene pavuta musanapitirire. Mukafika pa CSS, chilankhulo chokongoletsera masambawo, mumaphunzira kusankha mitundu, kugwiritsa ntchito Flexbox ndi Grid (njira zoyalira zinthu pa tsamba), komanso kukonza tsamba kuti lizioneka bwino pa foni ndi pa kompyuta pomwe, luso lofunika kwambiri kwathu kuno kumene ambiri amalowa pa intaneti ndi foni.

Zovuta zake zilipo. Maphunzirowa salipo m'Chichewa, ndipo ngakhale ndi aulere, bandulo ya intaneti muyenera kugula nokha. Gawoli silikuphunzitsaninso kukambirana mtengo ndi kasitomala kapena kugula domain (dzina la webusayiti pa intaneti), choncho zimenezi mudzazidziwa mukadzakonzera webusayiti golosale, sukulu kapena mpingo wa m'dera lanu.